Thumba la Anyezi Pakati Pathu

Zinayamba Lachiwili loyamba la mwezi wa Seputembala chaka chatha, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pa mpanda wa dimba la apongozi anga ku Nyampande. Ndinali kudutsa pa njinga yanga yamoto, kupita kukakonza pampu ya madzi kumudzi wina. Ndinamva mawu kuseli kwa udzu.

"Apongozi, imani pang'ono. Zimitsani chinthu chanucho."

Ndinazimitsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pamudzi pawo, amai Esnati Daka anali asanandiitanepo ndi pakamwa pawo.

Loweluka lapitali tinavundukula mwala pa manda awo. Analankhula anthu ambili, ndipo onse ananena zoona: kuti anali mai wolimba, kuti sanachedwepo, kuti chimene agwila sichinkagwa. Ine sanandipatse mpata, ndipo n'koyenela. Mkamwini pa tsiku lotele ntchito yake ndi nkhuni ndi madzi. N'chifukwa chake ndikulemba.

Kwathu ndi ku Katete. Nditakwatila Malita, mwana wawo wachiwili, ndinamanga nyumba pamudzi pawo, ndipo ulemu wa apongozi ndinausunga wonse. Tikakumana panjila ndinkapatuka, kunjuta, n'kuomba m'manja nkhope ili kumbali. Sitinadyelepo pamodzi. Uthenga unkadzela mwa Malita ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi. "Uwauze atate a Lute kuti denga la nkhokwe lapendekeka." Ndinkadziwa mawu awo, msana wawo, manja ndi mapazi awo. Nkhope ndinkangoidziwa pa chithunzi cha ukwati wathu.

Anali alangizi. Mtsikana aliyense wa dela lathu amene ankalowa m'banja ankayamba wadzela m'manja mwawo. Pa malilo ndiwo ankagawa ntchito kwa azimai, ndipo anthu ankati malilo opanda amai aDaka alendo amabwelela ndi njala. Dimba lawo linali lowongoka ngati analijambula ndi lula: lepu uku, tomato uku, anyezi kumunsi pafupi ndi chitsime. Amuna awo anamwalila ana ali ang'onoang'ono, ndipo ndi dimba limenelo anaphunzitsa onse asanu.

Sindinawaonepo atakhala pansi mpaka msana kutsamila. Ankakhala kunsonga kwa mpando, phazi limodzi lili kutsogolo. Chitenge ankachimanga, kuchimasula, kuchimanganso. Basi ya ku Lusaka ikakhala ya 9 koloko, iwo 6 koloko ali kale pa siteshoni ku Petauke, katundu ali pamiyendo. Singano ndi ulusi sizinkachoka pa kolala ya bulauzi. Ankakonda kunena kuti chimene unaona mailo sunachione lelo, komanso kuti mkazi akakhala pansi, tsoka limapeza pokhala pamiyendo pake. Atsikana ankaloweza mawu amenewa ngati vesi. Chala chawo chachikulu cha kumanja chinali ndi bala losapola. Ndinkaliona nthawi zonse, popeza maso anga ankakhala pansi, ndipo ndinkati ndi mpini wa khasu.

Ankakangana ndi anthu, koma osati mokweza mawu. Mkangano wawo unali wa manja. Malita akasesa pabwalo, iwo ankadutsa ndi tsache pambuyo pake. Tsiku lina Malita anaponya tsache pansi.

"Amama, ngati ine sindidziwa kusesa, munandilangiza ndinu!"

"Wasesa bwino," anatelo. "Ine ndingochotsa tiudzu."

Panalibe kaudzu ngakhale kamodzi.

Amene anawawidwa kwambili ndi amai aZulu, wachiwili wawo pa ntchito za malilo. Pa malilo ena, amai aZulu ndi gulu lawo anatsuka mbale zonse n'kuziyanika pa thandala. Apongozi anabwela, anazitenga imodziimodzi, n'kuzitsukanso pamaso pa anthu. Amai aZulu anati, "Esnati, tsiku la malilo ako udzadzuka m'bokosi kudzaona ngati tathila mchele." Anthu anaseka. Apongozi sanaseke, ndipo amai aZulu sanaiwale.

Tsiku lija pa mpanda, ndinakhala pa njinga nkhope ili ku msewu. Iwo anali mkati, udzu uli pakati pathu. Ndi ana awo ankalankhula Chinsenga. Kwa ine analankhula Chinyanja, pang'onopang'ono.

"Mtima wanga suima, apongozi. Ndikadzuka uli kale kuthamanga, monga kuti kwagwa malilo koma sanandiuze. Ndikatseka chipata ichi, ndikafika pa mango paja, china chake chindiuza kuti sunatseke. Ndibwelela. Ndipeza chotseka. Ndikafikanso pa mango, chiyambanso. Mailo ndinabwelela kasanu."

Ndinati, "Pepani, amai."

"Anthu ati ndine wolimba. Si kulimba iyayi. Ndikaima, ndiopa. Ndikalangiza mtsikana, sabata yonse ndiganiza kuti pali chimene ndinaiwala, banja lake lidzatha chifukwa cha ine. Chinayamba ndili ndi mimba ya Malita. Ndapemphela mpaka maondo achita zipsela. Manje ndatopa. Ndatopa mpaka m'mafupa."

Udzu unagwedezeka, dzanja linatulukila. Munali kapepala kofewa ngati nsalu. Anafotokoza kuti anapita ku kiliniki kangapo poganiza kuti ndi matenda a mtima. Anawapima, anawapatsa mankhwala a BP, koma anawauza kuti mtimawo uli bwino, vuto ndi nkhawa, ndipo ku chipatala cha ku boma kuli asisita amene amakambilana ndi anthu otele Lachinayi lililonse. Kapepala kowatumiza kumeneko anakamanga pa ngodya ya chitenge miyezi isanu ndi iwili.

"Ndekha ndalephela," anatelo. "Kawili ndafika pa geti ya chipatala, ndabwelela. Ndifuna munthu wondifikitsa pakhomo penipeni."

"Nanga Malita, amai?"

"Malita adzandiyang'ana. Aliyense ndikangotsegula pakamwa andiyang'ana, aone ngati amai aDaka agwa. Inu simundiyang'ana."

Mkamwini sakweza apongozi ake pa njinga. Izi tonse tinkazidziwa. Iwo anali ataganiza kale. Lachinayi ndinawapeza pa dimba ndi thumba la anyezi. Analiika chopingasa pa mpando, kumbuyo kwanga, iwo n'kukhala kuseli kwa thumbalo, manja atagwila zingwe zake. Wofunsa tikanamuyankha kuti tikupita ku msika. Anyeziwo tinkawasiyadi kwa mai wina wogulitsa pa msika wa Petauke, kenaka n'kuzungulila njila ya kumbuyo.

Asisita aja anali aNjobvu, mai wamng'ono kwa ine, wa magalasi. Ndinakhala pa benchi panja. Sipanathe mphindi khumi, apongozi anatuluka chitenge chili chomanga bwino.

"Tatha. Tiyeni."

Asisita anatuluka pambuyo pawo n'kundikodola. "Bambo, amai anu andiuza kuti zonse zili bwino, dimba lili bwino, mpingo uli bwino. Andifunsanso ngati ndili pabanja, ati andilangize."

Ndinafunsa mmene anakhalila m'chipindamo. Anati moyang'anana, monga amachitila ndi aliyense, kuti munthu aone kuti akumvedwa.

"Tembenuzani mpando wanu," ndinatelo. "Muyang'ane pa windo. Iwo akhale kumbuyo kwanu."

Asisita anavula magalasi. "Ndiye ine ndikhale mkamwini?"

"Yesani chabe."

Ndinapita kwa apongozi, ndinanjuta chammbali, n'kuwapempha kuti alowenso. Analowa. Anakhalamo ola lathunthu. Mawu sindinawamve. Kamodzi kokha ndinamva kulila, kwa munthu amene sanazolowele kulila, kokhala ngati chifuwa. Pobwelela tinafika pa mlatho waung'ono wa kufupi ndi kwathu. Pamenepo anati kumsana kwanga, "Ati ndi matenda odziwika. Ati tilipo ambili, makamaka ife amene anthu atitama."

Tinapita Lachinayi kanayi. Nkhani zonse ankandiuzila pa njinga, mphepo ikutenga theka la mawu. Asisita anawaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba. Anawapatsanso ntchito imene iwo anati ndi yovuta kuposa kulima: tsiku lililonse asiye chinthu chimodzi osachita, n'kuona chimene chichitike. Ulendo wachitatu anandigogoda paphewa ndi nsonga ya ambulela.

"Apongozi, bedi la kumapeto la lepu sindinathilile Lolemba."

"Lafa?"

"Silinafe. Lachita kunenepa, lopanda ulemu."

Ndinawamva akuseka kuseli kwa anyezi. Sabata imeneyo Malita anandiuza, modabwa, kuti wapeza amai ake atatsamila khoma, miyendo atatambasula, akudya mango aawisi ndi mchele dzuwa lili pamutu.

Ulendo wachinayi, potuluka m'chipinda chija, tinakumana ndi amai aZulu. Anali atabwela kudzaona m'bale wawo wodwala. Anayang'ana apongozi, anayang'ana ine, anawelenga chikwangwani cha pakhomo.

"Aa, Esnati! Anyezi wa masiku ano agulitsidwa ku chipatala?"

Pofika Lamulungu nkhani inali itagawika pawili. Ena ankati alangizi azungulila mutu. Ena ankanena za ine ndi iwo, zimene sindingalembe. Banja lina limene linali litawapempha kale kuti alangize mwana wawo linatuma uthenga kuti lapeza wina. Kenaka amalume aYotamu, mlongo wawo wa apongozi, anandiitana pansi pa mtengo wawo. Sanandipatse mpando.

"AMwanza, kwanu ku Katete apongozi amakwezedwa pa njinga?"

"Iyayi, amalume."

"Nanga pano mwaona kuti ndi pa mudzi wa anthu opanda mwambo? Mlongo wanga akadwala, ine ndilipo. Ana ake alipo. Inu munabwela kudzakwatila. Mwamuika dzina la misala munthu amene dela lonse limamugwadila."

Ndinayesa kufotokoza kuti si misala. Anati ngati si misala, ndiye kunalibe chopitila. Apongozi atafunsidwa pamaso pa abale, anayankha monga amai aDaka: kuti ali bwino, kuti anangopita kukapimitsa BP. Kunyumba Malita anandilandila ndi misozi.

"Amama anga auze mwamuna wanga, ine mwana wawo osandiuza? Muli ndi chinsinsi chanji?"

Ndinali nditalonjeza kusanena. Sindinanene. Lachinayi lotsatila ndinadzuka m'mamawa n'kupita kukakonza pampu imene sinali yofulumila. Ndinadzela njila ina, yosadutsa pa dimba. Ndinachita chimodzimodzi sabata yachiwili ndi yachitatu.

Kumapeto kwa Okutobala, kutentha kuli pachimake, ndinalibe njila ina koma ya pa dimba. Anali kundidikila.

"Apongozi."

Ndinazimitsa njinga.

"Chabwelela," anatelo kuseli kwa udzu. "Chabwelela ndi anzake. Manje ndiopanso anthu. Ku Petauke sindingapitenso, ndamva. Koma ku Nyimba kulinso chipatala. Kumeneko andidziwa ndani? Mng'ono wanga ali ku Mwape, tidzati tikupita kukamuona. Mundifikitse chabe pa msewu waukulu, tikwele basi, inu mukhale kutsogolo ine kumbuyo. Pakhomo pokha, apongozi. Mundifikitse pakhomo pokha."

"Tiyeni tidikile nkhani izi zizizile, amai. Tikabzala."

"Tikabzala."

"Inde, amai."

Ndinamva chipata chikutseguka. Mapazi awo anabwela mpaka kutsogolo kwa njinga. Anagwila chiwongolelo ndi manja onse awili. Chala chija chinali kutuluka magazi, ndipo pamenepo ndinaona kuti si mpini: chikhadabo cha chala chinzake chinali kukumba pa balapo, iwo osadziwa.

"Ndiyang'aneni," anatelo.

Munthu amene anandisankha chifukwa sindimuyang'ana anali kupempha kuti ndimuyang'ane. Ndikhulupilila ankafuna kuti ndione mmene zafikila, popeza mawu anali atalephela. Ndinadziwa kuti ndikaona, ndiwatenga. Ndinaganiza za amalume aYotamu, za Malita, za nyumba yanga yomangidwa pa dothi la eni. Ndinatembenuzila nkhope kumbali, monga ndinaphunzitsidwa.

Anadikila nthawi yaitali. Kenaka manja anachoka pa chiwongolelo.

"Zikomo," anatelo. "Muli ndi ulemu."

Analowa m'dimba. Ndinamva chipata chikutsekeka, kutseguka, kutsekekanso. Ndinaliza njinga kuti ndisamve kachitatu.

Miyezi iwili yotsatila anagwila ntchito kuposa kale lonse. Ankafuna kuonetsa dela kuti mutu wawo uli bwino, ndipo dela linakhulupilila. Anabzala munda wawo woyamba pa mudzi wonse, anapalila ndi wa Malita. Banja lija linabwelanso kudzapepesa, ndipo mtsikanayo anamulangiza masiku asanu m'malo mwa atatu. Anthu ankati amai aDaka abwelela mwakale. Tinabzala, ndipo za Nyimba sindinazitchule. Iwonso sanandiitanenso.

Anagwa mu Disembala, pa malilo a mudzi woyandikana nawo, ali chiimile pafupi ndi migolo ya madzi, akuuza azimai kuti mbale zibwelezedwe. Amene anawawakha ndi amai aZulu. Tinathamanga nawo ku boma pa galimoto ya mphunzitsi wina, ndipo anakhala masiku awili osalankhula. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Ine sindine dokotala. Sindinganene kuti ulendo wa ku Nyimba ukanawapulumutsa. Chimene ndidziwa n'chakuti anapempha, ndipo miyezi iwili yomaliza anaikhala okha ndi chinthu chija, anthu akuwaombela m'manja.

Nkhope yawo ndinaiona bwino koyamba m'bokosi, pa mzele wa oona thupi. Anali ndi kachipsela pamwamba pa diso lamanzele. Sindinkadziwa.

Loweluka lija, pa mwambo wa mwala, zonse anayendetsa ndi Malita. Anadzuka woyamba, anagawa ntchito, anazungulila miphika, anabwelela ku manda kawili kukaona ngati nsalu yophimba mwala yamangidwa bwino. Palibe mlendo amene anabwelela ndi njala. Amai aZulu, amene manje akalamba mwadzidzidzi, anaimilila pakati pa anthu n'kuloza mkazi wanga.

"Esnati sanafe! Onani Malita. Ndi amake enieni, sakhala pansi!"

Anthu anaombela m'manja, azimai anaimba nthungululu. Malita anamwetulila n'kumanganso chitenge. Ine maso anga anapita kumene anazolowela, pansi, pa manja. Chala chake chachikulu chinali chokulungidwa ndi kansalu.

Alendo omaliza anapita Lachitatu masana. Ndinamupeza Malita kuseli kwa nyumba akutsuka mbale zimene ana a mkulu wake anali atatsuka kale. Ndinakhala pa njelwa, moyang'anana naye, n'kumuuza zonse: kapepala, thumba la anyezi, mipando yotembenuzidwa, bedi la lepu, Nyimba, ndi zimene ndinachita atandipempha kuti ndiwayang'ane. Lonjezo ndinaliphwanya. Anamvetsela manja ali m'madzi.

"Munawasiya," anatelo.

"Ndinawasiya."

Anatsuka mbale ina, yoyela kale. "Nanga mukundiuzilanji lelo?"

"Amake Lute, chitseko cha khola la mbuzi mwabwelela kukachiona kangati m'mawa uno?"

"Ine ndili bwino. Ntchito chabe yachuluka."

"Ndinawelenga katatu."

Anaika mbale pansi.

"Kanayi," anatelo. "Koyamba munali musanadzuke."

Ndinamuuza kuti mawa ndi Lachinayi, tsiku la asisita aja. Anatola mbale ina.

M'mawa mwake ndinayamba ndapita ku dimba wapansi. Chiyambile malilo palibe amene analimamo. Mpanda wagwa mbali ya kumsewu, pamene ndinkaimika njinga, ndipo munthu angathe kulowa osatsegula kanthu. Chipata chokha chili chiimile, chomangidwa ndi waya, mfundo zitatu, mmene apongozi anachisiyila tsiku lomaliza. Mabedi akuonekabe mizele yake pansi pa udzu wouma. Mbuzi zadya zonse zimene zikanadyeka. Chitsime chachita ndele, ndipo keni yawo yothilila ili chafufumimba pa mwala, yadzimbili kukamwa. Kumunsi ndinapeza anyezi asanu ndi mmodzi amene anaphuka okha, oonda, opanda wowathilila. Thumba lija linali litakodwa pa mtengo wa mpanda. Nditaligwila linanyenyeka m'manja.

Ndinabwelela kunyumba, ndinatulutsa njinga, ndinapukuta mpando wonse mpaka kumbuyo. Malita anali pakhomo, atavala nsapato za ulendo, akumanga chitenge kachitatu.

"Tinyamule chiyani?" anafunsa. "Anthu akafunsa tidzati tikupita kuti?"

"Sitinyamula kanthu. Tidzati ku chipatala."

Anayang'ana ku khola la mbuzi. Phazi lake linayamba kulowela komweko, n'kuima. Sindinalize njinga. Ndinakhala pamenepo, ndikumuyang'ana kumaso, mpaka anabwela.